Mmisiri Dambar ndi Njinga ya Mkaka

Dambar Bishwakarma anakulira pambali pa moto wa chipala. Bambo ake, a Harke, ndiwo anali wosula wa mudzi wa Simalpani, monga analili agogo ake, ndipo zikwakwa zomwetera mpunga, makasu, nkhwangwa ndi mipeni ya khukuri ya m'phiri lonselo zinadutsa pansi pa nyundo yawo. Dambar asanadziwe kulemba dzina lake anali atadziwa kale kupopa mvukuto ndi kuwerenga chitsulo ndi maso: chikafiira ngati tomato sichinapse, chikafika pa mtundu wa lalanje ndiye umenye. Anadziwanso china chimene panalibe anamukhazika pansi kumuuza, chakuti anthu a fuko la osula akapita kunyumba za fuko lapamwamba la ansembe amathera pabwalo, kukhitchini salowa, ndipo akamwa tiyi pasitolo kapu amatsuka okha.

Atakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri anathawa. Anatsikira ku Butwal, kenako anawoloka malire mpaka ku Gorakhpur, kumene panalibe womufunsa kuti ndiwe mwana wa yani malinga ngati manja ako akugwira sipanala. Kumeneko anakhala zaka khumi ndi zitatu akumasula ndi kumanga njinga zamoto. Anabwerera kwawo bambo ake atamwalira, chaka chomwe chigalimoto chokumba chinatsegula msewu wochokera ku Tamghas kukwera phiri. Anakwatira Phulmaya, mkazi wa pakamwa pakuthwa ndi manja olimba, ndipo anamanga chisakasa cha malata m'mbali mwa msewu watsopanowo. Chitsulo chosulirapo cha bambo ake anachikankhira pakona, makasitomala nkumakhalapo podikira.

"Ine zosula ndinasiya," ankatero aliyense wobwera ndi chikwakwa chobuntha. "Pitani kumsika, zilipo za kufakitale."

Msewu wa ku Tamghas ndi mtsetse wokhawokha, makilomita khumi ndi anayi, makhona makumi awiri ndi atatu, kumanja thanthwe, kumanzere phompho. Munthu amene ankautsika tsiku ndi tsiku osaphonya anali Tikaram Ghimire, wa banja la ansembe, yemwe aliyense ankamutchula mwaulemu kuti Baje, kutanthauza agogo, ngakhale imvi zinali zitangoyamba kumene. Iyeyu ndiye ankasonkhanitsa mkaka wa njati zoweta za mudzi wonse m'zigubu zinayi zachitsulo, ziwiri uku ziwiri uku, nkutsika nawo kumalo ogulira mkaka usanasase. Njinga yake yamoto inali nkhalamba ya zaka khumi ndi zinayi, ya mabuleki akale aja obisika m'kati mwa gudumu, okokedwa ndi waya. Pofika pakati pa mtsetse ankatentha, nkuyamba kununkha, kenako nkuleka kugwira. Tikaram ankaima pakasupe kuwathira madzi, ndipo kotsalako ankatsika akukwekweza mapazi pansi. Nsapato zake sizinkatha mwezi.

Tsiku lina m'mawa, mvula itatsala pang'ono kuyamba, Tikaram anatulukira pachisakasa cha Dambar akukankha njingayo, malaya atang'ambika paphewa, chigongono chikuchucha magazi, zigubu zikulira mopanda kanthu. Pa khona lachisanu ndi chinayi buleki inakana, ndipo anakagwera m'munda wa chimanga wa munthu, mkaka wonse nkutayika.

Moyang'anizana ndi chisakasacho panali sitolo ya tiyi ya Lokman, msilikali wopuma ntchito amene sankalola nkhani kudutsa osaithira mchere.

"Baje, mwayamba kuthirira chimanga ndi mkaka?" anakuwa Lokman. "Chaka chino tikolola chothira kale, kungotsala shuga!"

Amuna amene ankamwa tiyi anafa nacho chiseko. Tikaram sanaseke. Anakhala pa chitsulo chosulirapo chija.

"Mmisiri, tamangitsa wayayo."

"Baje, wayayo ndamangitsa kasanu chaka chino," anatero Dambar. "Vuto si waya. Mabuleki amenewa anawapangira munthu wopita kuofesi ndi kachikwama, osati njati zinayi pamsana. Pafunika disiki kutsogoloku, ija mbale yachitsulo ili panja, yoti mphepo iziiziziritsa."

"Ndinafunsa kale kusitolo yaikulu ku Tamghas. Akuti pa njinga ngati iyi sizitheka. Akuti ndiitaye ndigule yatsopano. Ndigula ndi chiyani, mwana wanga ali kusukulu ya unamwino?"

Dambar anagwada, nayang'ana foloko yakutsogolo nthawi yaitali. Anaiyeza ndi chala, naiyezanso ndi kachingwe.

"Ndipatseni masiku khumi. Za mkaka, mubwereke njinga ya alamu anu."

"Mwamva?" anatero Lokman kwa anzake. "Mainjiniya a ku Japan analephera, koma mwana wa Harke akwanitsa!"

Mawa lake Dambar anakwera basi ya ku Butwal. Masiku awiri anakhala akufukula milu ya zitsulo kumalo ogulitsira njinga zakufa, dzuwa la kuchigwa likumuwotcha khosi. Pa njinga ina yomwe inagundidwa kumbuyo anapeza gudumu lathunthu lokhala ndi disiki yowongoka bwino, chopanira chake chimene chimaluma disikiyo uku ndi uku, kapampu ka pachigwiriro ndi paipi ya mafuta. Koma foloko ya njingayo inali itagulidwa kale. Anasakasaka mpaka anapeza mwendo umodzi wa foloko wa mtundu wina, wokhala ndi timakutu tiwiri tomangirapo chopanira. Zonse anaziika m'thumba la mpunga nabwerera nazo.

Gudumu linalowa bwino atadula timapaipi tiwiri totchingira m'mbali. Mwendo wa foloko nawo unalowa. Koma atabweretsa chopanira kuti amange, mabowo ake sanakumane ndi timakutu tija. Anasemphana ndi mpata wa chala chimodzi ndi theka.

Lokman, amene anali ataoloka msewu ndi kapu yake m'manja kudzaonerera, anapukusa mutu mokondwa.

"Wagula nsapato ya mwendo wa munthu wina, achimwene. Ingowotcherera basi."

"Chitsulo cha folokochi sichiwotchereka ndi makina anga. Ndipo ndikaboola bowo lina, chithyoka tsiku limene Baje adzachifune kwambiri."

Panafunika kachitsulo kolumikiza, ka mabowo anayi, awiri a kufoloko, awiri a kuchopanira, kopindika pang'ono kuti chopaniracho chikhale pakatikati pa disiki. Kachitsulo kotero kanalibe sitolo. Dambar anadula koyamba pa chitsulo cha geti, koma atakapana nkukamenya ndi nyundo kawiri kanagonja ngati nthochi. Anakaponya kutali. Tsiku lonse anangokhala duu, akuyang'ana njingayo, mpunga ndi msuzi wa nyemba wa dal zimene Phulmaya anamubweretsera zikuzizira pambali.

Madzulo dzuwa lisanalowe Phulmaya anabwera kuchokera kokamweta udzu wa mbuzi, dengu kumsana. Anaona mbale yosakhudzidwa, naona mwamuna wake. Anapita kukhola, nabwera akukoka chidutswa cha sipuling'i ya lole chimene kwa zaka zambiri ankatsekera chitseko cha mbuzi. Anachiponya pamapazi a Dambar, chinalira kuti ngwee.

"Chikwakwa ndagwirachi apongozi anasula ndi chimenechi ine ndisanakwatiwe. Mpaka lero sichinapindike. Inu mukulimbana ndi mageti."

"Chimenechi sichibooleka, mayi a Nirmala. Nchouma kwambiri."

"Ndiye moto anaupangira chiyani? Kapena mukuopa kuti anthu akumbukira kuti ndinu mwana wa yani? Palibe anaiwala, bambo a Nirmala. Ingogwirani ntchito, mbuzi zanga zigona pamtetete lero chifukwa cha inu."

M'mawa mwake Dambar anakumba kadzenje kuseri kwa chisakasa, namata ndi dothi. Mvukuto wa bambo ake unali utadyedwa ndi makoswe, ndiye analumikiza paipi ku kachipangizo kopemerera kopukusa ndi dzanja. Anakokera chitsulo chosulirapo pakati. Nyundo itayamba kulira, nkhalamba za m'mudzi zinatuluka m'nyumba. Phokoso limenelo linali lisanamveke ku Simalpani kwa zaka khumi ndi zisanu.

Manja ake anali asanaiwale. Anawotcha chitsulocho nkuchiwongola, nachikwirira m'phulusa lotentha kuti chizizire pang'onopang'ono chifewe. Anadula, anaboola, anapala ndi tupa mpaka m'zala munatuluka matuza. Koyamba anakaviika m'madzi mofulumira, kanauma mopitirira nkusweka pa nyundo yoyamba. Kachiwiri kanalimba, koma atamanga nkuzunguza gudumu, disiki inkakhuza mbali imodzi, kwee, kwee, kwee. Lokman anati ikuimba bwino kuposa wailesi. Kachitatu Dambar anayamba wasema chitsanzo chake pa thabwa, nachiyesa mpaka chinakhala, kenako nkusula chitsulo motsatira thabwalo. Anakaviika m'mafuta akutha a injini, nakabwezanso pamoto pang'ono mpaka kanaoneka kobiriwira ngati khosi la nkhunda. Anakamenya ndi nyundo yaikulu kasanu. Kanangolira, osagonja. Atamanga, gudumu linazungulira mwakachetechete mpaka linaima lokha.

Kunatsala kutulutsa mpweya mupaipi, ntchito yofuna anthu awiri. Phulmaya anaima pachigwiriro, Dambar atagwada pagudumu ndi sipanala yaing'ono ndi botolo.

"Finyani! Finyaninso! Gwirani pomwepo, musasiye!"

"Ndagwira."

"Mwasiya! Ndaona mpweya wabwerera!"

"Inuyo mwanena kuti siyani!"

"Ndati musasiye!"

"Ndiye muzilankhula ngati munthu, osati ngati mwalumira mbatata yotentha!"

Anakangana choncho ola lathunthu, mpaka chogwirira cha buleki, chimene poyamba chinkangofika pachala ngati siponji, chinalimba pansi pa zala za Phulmaya.

"Chauma," anatero iye modabwa. "Chikukana."

Tikaram anabwera tsiku lachisanu ndi chinayi. Anazungulira njingayo kawiri, nagwira disiki yonyezimirayo ndi nsonga ya chala, koma nkhope yake sinasangalale.

"Mmisiri, ndikuuze zoona. Ine chiyambire kukwera njinga, buleki yakutsogolo ndimangoikhudza ndikasowa chochita. Aliyense amadziwa kuti ukaigwira pamtsetse imakuponya kutsogolo ngati thumba. Nanga iyi yolusayi?"

Apa Dambar anazindikira kuti ntchito inali isanathe. Anakana kupereka kiyi. Anadzaza zigubu zinayi zija ndi madzi, nazimangirira, napita ndi Tikaram kubwalo la mpira la kusukulu, theka la mudzi likuwatsatira. Anajambula mzere padothi.

"Muthamange kuchokera pagolo apo. Mukafika pamzerewu muime."

Ulendo woyamba Tikaram anatseka maso nkukoka chogwiriracho ndi dzanja lonse. Gudumu linauma, njinga inaterereka, iye nagwera uko, zigubu uko, madzi ponseponse. Lokman anaseka mpaka anakhala pansi.

"Ndati! Poyamba ankagwa kamodzi pachaka, tsopano azigwa tsiku lililonse!"

Tikaram anadzuka atakwiya, akusansa fumbi. "Chotsa chinthu chakochi. Bwezeretsa zanga zakale."

"Baje, dikirani," anatero Dambar. "Njati yanu mukamakama, mumalikoka bere ngati mukuzula chinangwa?"

"Ingandimenye theche."

"Iyinso yakumenyani theche. Zala ziwiri zokha. Muyambe mofatsa, mumve kuti yalola, kenako muzifinya mowonjezera. Mukame, Baje, musazule."

Tikaram anayang'ana zala zake. Kukama ankakudziwa kuyambira ali mwana. Anakweranso. Ulendo wachiwiri anaima mogwedera, mapazi khumi kupitirira mzere. Wachisanu anaima mapazi anayi. Pofika wachikhumi njinga inkangoweramira kutsogolo pang'ono nkuima chilili, madzi m'zigubu akuchita kubwebweta. Anabwera masiku atatu otsatizana, ndipo Dambar anapereka kiyi tsiku lachitatulo.

Mvula inayamba, ndipo inagwa masabata atatu osapuma. Tsiku lina m'mawa, Tikaram atangotsika ndi mkaka, galimoto ya jipi imene inanyamuka pambuyo pake inabwerera chofutuka mpaka pasitolo ya Lokman. Dalaivala anatulutsa mutu pawindo.

"Msewu wapita! Phiri lagumuka kuseri kwa khona lachikhumi ndi chisanu ndi chiwiri! Anthu akukuwa kumusiko kuti pali njinga!"

Khona limenelo Dambar ankalidziwa: lobisika kuseri kwa thanthwe, pamene mtsetse umapendekeka kwambiri, pamene mabuleki amakhala atatopa kale. M'mutu mwake munangobwera kachitsulo kaja. Kodi kanali ndi mng'alu umene sanauone? Kodi bawuti ina sanaimange? Anadumphira pa njinga ya kasitomala imene inali pachisakasa, ya mabuleki akale, natsika nayo m'matope. Pofika pakasupe inali itayamba kununkha, ndipo mmisiri wamkuluyo anamaliza ulendowo akukwekweza mapazi pansi, akutukwana.

Atazungulira thanthwe lija anaona anthu ataunjikana. Kutsogolo kwawo kunalibe msewu. Panali chibowo chofiira, dothi likadagumukirabe pang'onopang'ono kutsikira kumtsinje umene unkaoneka ngati ulusi kumusi. Ndipo pamphepete penipeni, mtunda wa sitepe imodzi kuchokera pamene dothi linathera, panaima njinga ya mkaka, chilili, zigubu zonse zinayi zili m'malo mwake. Kumbuyo kwake kunali mzere wowongoka wa tayala m'matope. Disiki inkatulutsa nthunzi madontho a mvula akaigwera.

Tikaram anali atakhala pamwala, chipewa cholimba chili pamaondo. Ataona Dambar anaimirira, nayenda modzandira, namukumbatira pamaso pa anthu onsewo, mafuta a injini ndi matope omwe.

"Ndinakama, mmisiri," anatero akulira ndi kuseka nthawi imodzi. "Mtima umati zula, zala zinati kama. Ndinakama!"

Dambar anamasuka, nagwada pagudumu, nagwira kachitsulo kaja. Kanali kotentha, kolimba, mabawuti onse anayi ali nji. Apo ndi pamene anakhala pansi m'matopemo.

Mkakawo unalibenso kopita. Tikaram anatsegula chigubu chimodzi, natunga ndi kapu yake yoyezera, napatsa Dambar. Dambar anamwa, ndipo mwachizolowezi anayang'ana uku ndi uku kufuna madzi oti atsukire. Tikaram anamulanda kapuyo m'manja, natunganso, namwa pomwepo osatsuka. Amayi awiri amene anaima pafupi anayang'anana, wina anagwira pakamwa. Kenako Tikaram anakuwa kuti aliyense abwere ndi chomwera, ndipo anthu onse otsekeredwa tsidya lino, otsika mujipi ija, onyamula katundu, ana asukulu, anamwa mkaka wa Simalpani mpaka kukhuta mvula ikuwavumba.

Nkhaniyo inafika ku Tamghas msewu usanakonzedwe. Utatsegulidwa, woyamba kubwera anali wonyamula mkaka wa mudzi woyandikana nawo, kenako mphunzitsi wamkulu, kenako namwino woyendera midzi, kenako anyamata awiri onyamula mabotolo a gasi. Wa kusitolo yaikulu ija naye anatuma munthu kuti adzajambule kachitsuloko pafoni, ndipo Dambar anamulola, namuuza kuti ajambulenso motowo. Dambar ankauza aliyense zofanana: njinga aisiye masiku asanu, ndipo kiyi sadzaiona asanapite kubwalo la mpira kukaphunzira kukama. Mphunzitsi wamkulu anagwa kawiri ana ake asukulu akuonerera pawindo.

Sikuti zonse zinasintha. Mayi ake a Tikaram, gogo wa zaka makumi asanu ndi atatu, atamva za kapu ija anakana kudya masiku awiri, ndipo m'nyumba zina Dambar amatherabe pabwalo mpaka lero. Koma mwezi wa Sepitembala utafika, tsiku la chikondwerero limene amisiri a kumeneko amasambitsa zida zawo nkuzipaka utoto wofiira, pamene galimoto iliyonse imavekedwa nkhata ya maluwa, panja pa chisakasa cha malata panandandalika njinga khumi ndi imodzi, iliyonse ndi disiki yonyezimira kutsogolo. Eni ake anasonkha mbuzi. Phulmaya anaphika mpunga m'miphika iwiri yobwereka, akudandaula mokweza kuti anthu onsewa palibe ndi mmodzi yemwe anaganiza zobwera ndi nkhuni.

Atatha kudya, wina anati atsikire limodzi ku Tamghas anthu akaone. Dambar anakhala kumbuyo kwa Tikaram pa njinga yoyamba ija, nkhata ya maluwa achikasu m'khosi, ndipo zinazo zinatsatira pamzere zikuliza mabelu, makhona onse makumi awiri ndi atatu, popanda woima pakasupe. Wotsiriza pamzerewo anali Lokman, pa njinga ya mwana wake imene anaibweretsa yekha kwa Dambar mwezi wathawo anthu ali kumunda. Atafika pamsika wa Tamghas anatsika, naongola chipewa chake chausilikali, nayamba kufotokozera ogulitsa ndiwo kuti mmisiri ameneyu ndi wa kwawo ku Simalpani, ndipo luso lake analizindikira ndi iyeyo kalekale, anthu ena onse akuseka.